Mchira Umene Unalonjera Maliro

Padangokhala! Amene muli nane yankhani mokweza. Amene mukudikira kuti ndikunyengerereni, khalani duu chomwecho, nthano yanga siyenda ndi ndodo.

Kalekale, inu a mafoni musanayambe kudzimva ngati ndinu munatulukira kusewera ndi munthu amene simukumuona, nyama zinali kale ndi ukonde wawo. Woluka wake anali Kangaude. Pakati pa ukondewo panali bawo lalikulu, ndipo kuchokera pamenepo ulusi unkapita kunyumba ya nyama iliyonse imene inalembetsa dzina. Kunsonga kwa ulusi uliwonse kunkalendewera maseche. Ukafuna kusewera unkangokoka ulusi uli khale pakhomo pako. Kangaude, ndi miyendo yake isanu ndi itatu, ndiye ankasuntha njere m'maenje, n'kugwedeza ulusi wa mnzako kuti maseche amuuze zimene wachita. Njovu ankadyedwa njere ndi Nyerere osadziwa n'komwe kumene Nyerereyo amakhala kuti akamuponde.

Malamulo anali atatu okha, poti nyama sizikonda zambiri. Loyamba: sewera wekha, ndi thupi lako. Lachiwiri: nyama imodzi, dzina limodzi. Lachitatu: kukagwa maliro, ulusi wonse ukhale chete mpaka dothi litakwirira. Wophwanya lamulo ankakumana ndi Khwangwala, kapitawo wa masewero, uja wa kolala yoyera imene sanaivulepo kuti aichape. Khwangwala ankadula ulusi wako ndi mlomo, ndipo dzina lako silinkatchulidwanso pa ukonde mpaka kalekale.

Mphoto yake sinali mbuzi, sinali nsalu. M'mawa uliwonse Tambala akamalira, ankatchula dzina la amene wapambana masewero ambiri kuposa onse, dziko lonse likumva. Kwa zaka zisanu ndi zinayi dzinalo linali limodzi: a Fuko, nkhalamba yosaona ya pansi pa nthaka, imene inkadziwa wosewera aliyense pongokhudza ulusi.

Ndiye panali Nalimata. Mayi ameneyu ankakhala pakhoma, ndipo ankalakalaka kumva dzina lake m'kamwa mwa Tambala kuposa mmene njala imafunira chakudya. Nzeru anali nazo zosefukira, koma za bawo ayi. Bawo limafuna kudekha, pamene Nalimata ankati akangotakata njere kamodzi, wayamba kale kuuza anzake pachitsime mmene wapambanira.

Tsiku lina anasewera ndi a Fuko. Anadyedwa njere zonse madzi amene anatereka asanawire.

"Tsobola wakale sawawa, agogo," anatero Nalimata atakumana nawo pa njira. "Munachita mwayi dzulo."

"Zikomo, mwana wanga," anayankha a Fuko. "Koma bawo si pakamwa. Likanakhala pakamwa, Tambala akanasasa mawu n'kutchula inu."

Amayi amene anali pomwepo anaseka mpaka kugwetsa ndowa. Nalimata anapita kwawo, ndipo polowa anamenyetsa chitseko mwaukali. Chitseko chinagwira mchira. Mchira unaduka, n'kugwera pa ulusi.

Nalimata anatsegula pakamwa kuti alire, koma anatsekanso. Mchira uja unkavina. Ukadumphira uku ukoke ulusi, ukadumphira uko ukokenso, ndipo maseche ankayankha. Kunali Chule kumbali inayo, atavomera masewero. Mchira nzeru unalibe, koma unalibenso mantha, manyazi, njala kapena tulo. Unakokakoka mpaka Chule anawodzera, n'kulakwitsa, n'kudyedwa.

Pokondwa, Nalimata anagwira ulusi n'kuyamba nyimbo imene ankaimba pa maukwati. Inali nyimbo yofunsa kuti m'mudzi monse ndani ali ndi chiuno choposa anzake, ndipo woyankha ankati ndi mwini nyumba ino. Inkafuna kuwomba m'manja kawiri, kudula chiuno, ndipo inkathera pa nthungululu. Nthungululu itangomveka, mchira unagona phee. Anaimbanso, mchira unadzuka. Anaimbanso, unagona. Makutu unalibe, unkamvera mu ulusi momwemo.

"Ehee," anatero Nalimata. "Ndiye ndakhala ndikukoka wantchito kumbuyoku zaka zonsezi osadziwa."

Anavundikira mchira ndi lichero, n'kusiya kampata kolowera ulusi. Anamanga chitenje chachitali mpaka kukwekwa pansi kuti anthu asaone chimene chasowa. Kuyambira tsikulo ankaimba nyimbo yake m'mawa, n'kutuluka kukaothera dzuwa ndi kukaweruza mabanja a anzake, uku dzina lake likusewera kunyumba. Linadya Mbewa, linadya Gologolo, linadya Njovu. Ambiri anatopa n'kupachika ulusi wawo, ati adikira nyengo ya mvula.

A Fuko anaitanitsa Khwangwala.

"Bwana kapitawo, dzina la aNalimata likusewera, koma silikupereka moni."

Pa ukonde, muyenera kudziwa, panali ulemu wake. Usanayambe kusewera unkakoka ulusi katatu pang'onopang'ono, kumene kunali kufunsa mnzako mmene wadzukira. Kenako kawiri mofulumira, kufunsa za kunyumba. Mnzako akakhala chete nthawi yaitali pakati pa masewero, unkabwerezanso moniwo, kuopa kuti mwina wadwala.

"Moni si lamulo, agogo," anatero Khwangwala.

"Si lamulo, inde. Koma munaonapo mayi uja atasowa chonena?"

Khwangwala anaganiza, n'kuona kuti zimenezo sanaonepo. Anauluka kupita kwa Nalimata. Nalimata atamva mapiko anakhala pa lichero, dzanja limodzi kutsaya, linalo likutambasula mbale ya chimanga chokazinga.

"Mayi, akuti simukupereka moni."

"Bwana, dzino! Sabata yathunthu dzino landigwira. Tengani chimanga, ine sindingatafune."

"Koma moni wa pa ulusi timapereka ndi dzanja."

"Ndiye dzanjalo si ili lagwira tsayali?"

Khwangwala anayang'ana dzanja, anayang'ana chimanga, n'kupeza kuti chimanga ndiye chinali ndi mfundo yomveka. Anadya, anapepesa za dzino, anapita.

Tsiku lomwelo Nalimata anaphunzitsa mchira moni. Anaugwira, katatu pang'onopang'ono, kawiri mofulumira, mpaka unazolowera. Anauphunzitsanso kubwereza moni mnzake akakhala chete. Kenako anagwira ulusi, anaimba nyimbo yake ya chiuno, anawomba m'manja kawiri, nthungululu, mchira n'kubwerera pa ntchito. Ndipo unali mchira waulemu zedi. Unkafunsa anthu mmene adzukira dzuwa likulowa. Unkafunsa Fisi za kunyumba patangopita tsiku limodzi mkazi wake atamuthawa.

A Fuko anaitanitsanso Khwangwala.

"Bwana kapitawo, moni wabwera. Koma dzina lija siligonja, silipuma, silipita n'kuthengo komwe."

Khwangwala anaulukanso. Anapeza Nalimata atakhala pa lichero, mbale ya mtedza ili m'manja.

"Mayi, akuti simugonja."

"Kodi kupambana kunakhala mlandu liti, bwana? Mwandiuza mochedwa, ndikanabadwa wopusa ngati ena."

"Ngakhale Mkango amaphonya."

"Mkango ndi mwamuna. Koma poti mwavutika ulendo wonsewu, mawa mutchere khutu. Inenso ndine munthu."

Khwangwala atapita, Nalimata anakhala pansi n'kuwerengera bwinobwino. Kugonja anayenera kugonja, koma kwa yani? Akagonja kwa wamphamvu, wamphamvuyo akwera. Ndiye anasankha Nkhono, amene anali kumapeto kwenikweni kwa mndandanda, amene ankatenga theka la tsiku kuti akoke ulusi kamodzi, ndipo nthawi zambiri ankagona ulusi uli m'kamwa. Anaphunzitsa mchira kuti ukapambana kasanu ndi kanayi, kachikhumi uziitana Nkhono n'kumusiyira njere zonse. Anaimba nyimbo, anadula chiuno, nthungululu.

M'mawa mwake nkhani inali ponseponse: Nkhono wagonjetsa Nalimata! Nkhono mwiniwake anamva kwa anthu. Nalimata anayenda pachitsime mutu uli pansi, akuusa moyo mokweza kuti aliyense amve kuti iye ndi wodzichepetsa.

A Fuko anangokhala pansi pawo, ulusi uli m'manja, akuwerenga. Patapita milungu itatu anaitanitsa Khwangwala kachitatu.

"Bwana kapitawo, munthu amagonja tsiku limene wadzuka moipa. Uyu akugonja kachikhumi kalikonse, kwa munthu mmodzimodzi. Ndipo ndikuuzeni china. Ine ndagwira ulusi uwu zaka zambiri. Chimene chikukoka kumbali inayo chilibe zala. Chikukoka ngati mchira."

"Mchira, agogo?"

"Kaoneni ngati mayi uja ali nawo wake."

Koma a Fuko, ndi nzeru zawo zonse, sanadziwe chimene Nalimata anali atachiona kale pansi pa chitenje: mchira wina unali utamera. Lichero nalonso anali atalisamutsira kuchipinda, kumene mwamuna wa eni sapondako.

Khwangwala anatera pakhomo, akukanda kolala.

"Mayi, pepani. Nkhani yake ndi yovuta kuitchula. Ndatumidwa kuti ndione mchira wanu."

Nalimata anapuma mpweya wambiri, n'kukuwa kuti mudzi wonse umve.

"Anthuni, bwerani mudzaone! Kapitawo akuti ndimukwezere chitenje! Masanasana! Mayi wa ulemu wanga ngati ine!"

Amayi anathamanga ndi mithiko m'manja. Khwangwala anayesa kufotokoza, koma mawu ake aja mukuwadziwa, amangoipitsa mlandu. Potsiriza anagwirizana kuti aone ndi mayi mnzake. Anasankha Nkhanga, amene sabisa kanthu. Awiriwo anapita kuseri kwa nkhokwe, ndipo Nkhanga anabwerako akupukusa mutu.

"Mchira ulipo. Ndi waufupi, koma ulipo."

"Waufupi ndi wa kumtundu kwathu," anatero Nalimata akupukuta misozi imene panalibe. "Kauzeni agogo anu aja kuti nsanje siichiritsa maso."

Khwangwala anathawa osalandira ngakhale chimanga.

Tsopano Nalimata anali wachiwiri pa mndandanda. Kunatsala kupambana kamodzi kokha kuti adutse a Fuko. Ndiye a Fuko anachita chimene palibe anayembekezera: anakoka ulusi okha, kuitana dzina la Nalimata.

Akazi awo, amenenso sankaona koma makutu anali akuthwa, anawagwira mkono.

"Bambo, mwati chinthucho sichitopa. Inu mumatopa."

"Ndikudziwa, mayi. Koma chikamasewera ndi ine sichingasewere ndi wina. Ndikachigwira pano, Tambala satchula dzina labodza."

Anasewera. Mchira sunathe kuwadya a Fuko, chifukwa bawo ankalidziwa ngati njira ya kumunda kwawo. A Fuko nawo sanathe kuumaliza mchira, chifukwa ukatsala ndi njere ziwiri unkangozungulirazungulira osavomera. Tsiku loyamba linatha, lachiwiri, lachitatu. Chakudya chinkabwerera chosakhudzidwa. Tsiku lachinayi, dzuwa lili pamutu, akazi awo anazindikira kuti amuna awo achedwa kukoka. Anawagwedeza. A Fuko anali atapita, ulusi uli m'manja.

Uthenga unamupeza Nalimata pachitsime, akuuza anzake mmene munthu amasewerera masiku anayi koma nkhope ili yosalala chonchi. Amayi anatula ndowa pomwepo.

"Tiyeni kusiwa. Inu aNalimata tsogolani, ndinu munali nawo pa ulusi mpaka mapeto."

Nalimata anaganiza zoyamba wadutsa kunyumba kukagoneka mchira. Koma mayi amene wamva za maliro a pafupi sapatukira kwawo, anthu angafunse chimene akukabisa. Komanso anawerengera msanga: a Fuko apita, wachiwiri ndi ine. Dothi likangokwirira, mawa Tambala atchula ine popanda kukoka ulusi ngakhale kamodzi. Nanga mchira? Mchira ulibe wosewera naye, ungodikira. Anamasula duku, anaika manja pamutu, n'kuyamba kulira adakali kutali.

Adzukulu tsiku limenelo sanavutike, poti malemu anali atakumba kale dziko lonse. Amuna anakhala panja, amayi m'nyumba mozungulira thupi. Ulusi wa a Fuko anaupachika pakhoma kumutu kwawo, maseche ali lende. Ukonde wonse unali zii, monga mwa lamulo. Khwangwala anaima pakhomo, kolala ili mbee, ndipo Kangaude analendewera kudenga, mwendo umodzi uli pa ukonde wake.

Panalibe wolira ngati Nalimata. Namfedwa anachita kumveka ngati mlendo.

"Agogo anga ine! Mwandisiyira yani bawo ine! Ndisewera ndi yani ine, mayo! Munali ngati bambo anga ondibereka!"

Anapuma kuti akoke mpweya wina. M'kachetechete kameneko, maseche a kumutu kwa malemu analira.

Tseche. Tseche. Tseche.

Amayi anayang'anana. Kenako kawiri mofulumira: tsechetseche.

Mkazi wa Chule ananong'ona, koma manong'onong'o a achule mukuwadziwa: "Akufunsa kuti adzuka bwanji."

"Ndi za kunyumba," anawonjezera Nkhanga.

Khwangwala anasuzumira m'nyumba. "Kangaude, akukoka ndani?"

"Ine ndimangopereka zimene ndapatsidwa, bwana," anatero Kangaude. "Likukoka ndi dzina la aNalimata."

Maso onse anatembenukira kwa Nalimata. Manja ake onse awiri anali pamutu, mapazi onse awiri ali pamphasa, mchira watsopano uli pansi pa chitenje.

Tseche. Tseche. Tseche.

Wina akanakomoka. Nalimata anadzigwetsa chagada.

"Mizimu! Anthuni, mizimu! Mzimu wa agogo wapita kwathu, ukukoka ulusi wanga potsanzika!"

Ena anayamba kusunthira kukhomo. Koma namfedwa anatukula mutu.

"Amuna anga akudzifunsa okha mmene adzukira? Zaka zonse ndakhala nawo sanadzipatsepo moni."

"Nkhanga," anatero Khwangwala, "inu ndinu mayi, kuchipinda mungalowe. Thamangani mukatiwonere mzimuwo."

Nkhanga anatuluka liwiro lake lija la mutu kutsogolo.

Apa Nalimata anaona kuti madzi afika m'khosi. Mchira unayenera kugona Nkhanga asanafike. Mchira wogona pansi pa lichero ndi mchira chabe, angathe kunena kuti amausunga ngati mankhwala a dzino. Koma chougoneka chinali chimodzi, nyimbo ija. Anakwawa ngati wasweka mtima, anafika kumutu kwa malemu, anagwira ulusi ndi manja awiri, n'kuyamba kuimba nyimbo ya chiuno m'mayimbidwe a maliro. Anaikoka, anainyowetsa ndi misozi, mawu ofunsa za chiuno anawameza kuti amveke ngati kubuula. M'malo mowomba m'manja anadziguguda pachifuwa kawiri.

Amayi awiri atatu anayamba kuvomera, poganiza kuti ndi nyimbo yatsopano ya kumpingo kwawo.

Mchira sunaizindikire. Unangomva ulusi ukunjenjemera, n'kuganiza kuti mnzake uja wadzuka koma sakumva bwino. Ndiye unawonjezera ulemu. Tseche tseche tseche, tsechetseche! Tseche tseche tseche, tsechetseche! Mwadzuka bwanji, nanga kunyumba, mwadzuka bwanji, nanga kunyumba, pamutu penipeni pa maliro.

Nalimata anayang'ana kukhomo. Nkhanga panthawiyo anali atadutsa kale chitsime. Anawerengeranso kachiwiri: wamisala anthu amamukhululukira, wakuba ayi. Anaimirira. Anamanga chitenje m'chiuno molimba. Ndipo m'nyumba ya siwa, pamaso pa namfedwa, thupi lili gone pamphasa, Nalimata anagwiranso ulusi n'kuimba nyimbo yake mmene iyenera kuimbidwira. Anafunsa mokweza kuti ndani ali ndi chiuno choposa onse m'mudzi. Anadziyankha yekha. Anawomba m'manja kawiri. Anadula chiuno kumanja, anadula kumanzere, ndipo kunena zoona anadula bwino. Anamaliza ndi nthungululu imene inamveka mpaka kumanda, adzukulu n'kusiya makasu.

Maseche anati zii.

Nyumba yonse inati zii.

"Chisoni," anatero Nalimata akupuma mwawefuwefu. "Chisoni chandizunguza mutu. Ndili kuti kodi?"

Posakhalitsa Nkhanga anabwerera atasenza lichero, n'kulitula pakhomo pamaso pa amuna ndi amayi.

"Mzimu wake ndi uwu. Ndaupeza ukuvina pa ulusi. Nthungululu itamveka, wagona ngati mwana wokhuta."

Khwangwala ananola mlomo pa mwala. "Mayi, lamulo loyamba mukulidziwa."

Nalimata anakonza duku lake, misala yonse itatha.

"Ndikulidziwa kuposa inu, bwana kapitawo. Likuti chiyani? Sewera wekha, ndi thupi lako. Nanga mchira uwu ndi wa yani? Ndinaugula? Ndinaubwereka? Ndinabadwa nawo ine, amayi anga ndi mboni. Njovu amakoka ulusi ndi chitamba, simumufunsa. Inu mumakoka ndi mlomo. Ine ndikakoka ndi mchira wanga, ndiye mlandu? Ndiuzeni pamene lamulo likunena kuti thupilo likhale lolumikiza."

Panja panamveka manong'onong'o. Fisi anati mayiyu akunena zoona. Gologolo anayang'ana mchira wake ndi maso atsopano. Khwangwala anayang'ana uku ndi uku ngati pali mbale ya chimanga yoti imuthandize kuganiza.

Amene anayankhula anali namfedwa, osakweza mawu.

"Mwana wanga, ine za malamulo sindinaphunzire, ndingofunsa. Mchirawu ndi inu?"

"Ndine, amayi. Thupi langa lenileni."

"Ndiye ndinu mwagwedeza ulusi pa maliro a amuna anga dothi lisanakwirire. Limenelo ndi lamulo lachitatu."

"Ayi, ndikutanthauza kuti... unali ine kale. Panopa uli paokha. Ine ndinali muno, nonse mwandiona."

"Ndiye wakhala akukusewererani wina. Limenelo ndi loyamba. Sankhani limodzi, mwana wanga, tikuchedwa kumanda."

Nalimata anayang'ana lichero, anayang'ana namfedwa, anayang'ana denga. Nzeru zake zinathamanga m'makona onse, n'kubwerako ndi kanthu kamodzi kotsiriza.

"Theka ndi ine, theka si ine."

"Zikomo," anatero Khwangwala, amene kwa nthawi yoyamba chibadwire anapeza yankho lake yekha. "Ndiye sitidula wonse. Tingodula pakati."

Kangaude anatsitsa ulusi wa Nalimata, Khwangwala n'kuudula pakati penipeni.

"Nanga mchirawu titani nawo?" anafunsa Nkhanga.

"Upite ndi amuna anga," anatero namfedwa. "Masewero awo sanathe. Kumene akupitako nawonso satopa. Tione amene ayambe kusiya."

Anauika m'manda pamodzi ndi a Fuko. Mukaona timilu ta dothi tikutukuka m'munda mwanu, kamodzi apa, kena apo, motsatana ngati maenje a bawo, musadabwe, masewero aja akadali m'kati.

Koma Nalimata sanataye mtima, poti anthu otere sataya. M'mawa mwake anakwera pakhoma kusanache bwino, n'kukhala tcheru. Ankamudziwa Tambala kuti ndi wa mutu waung'ono. Mwina uthenga sunamufike. Mwina atchula dzina lake kamodzi kokha molakwitsa, ndipo kamodzi kakanakwanira, chifukwa chimene dziko lamva silingachimvule.

Tambala anakwera pa nkhokwe. Anakupiza mapiko. Anafunsa Kangaude kuti, a Fuko atapita ndipo dzina lija litafafanizidwa, wotsala pamwamba ndani. Kangaude anawerenga. Amphamvu onse anali atapachika ulusi kalekale chifukwa chotopa ndi kudyedwa. Panali mmodzi yekha amene ankapambana mokhulupirika, kachikhumi kalikonse, milungu yonseyi, pa wosewera woopsa kuposa onse.

Tambala anatambasula khosi, n'kulengeza kuti dziko lonse limve dzina la katswiri wa bawo: Nkhono.

Nkhono sanamve. Anali m'tulo, ulusi uli m'kamwa. Anamuuza tsiku lachitatu, ndipo anafunsa ngati kuli kofunika kuti apite kwinakwake.

Nalimata anatsonya. Anatsonyanso. Mpaka lero akadali pakhoma pomwepo, maso ali tong'o osaphethira, akuyang'ana akangaude m'makona a nyumba, n'kumatsonya. Ndipo mukamugwira kuti mumufunse kanthu, amakusiyirani mchira kuti uyankhe mlandu, iye n'kuthawa.

Yathera pompa. Amene munaika mbatata pamoto kaphuleni nokha, ndi manja anu. Mukatuma mchira, ukaipsereza ukukufunsani mmene mwadzukira.